Chikhulupiriro Changa Chinali cha Amalume

Dzina langa ndine Jasitini. Ndimakhala ku Limbuli, ndipo ntchito yanga ndi ya ukalipentala. Ena mwa inu munandidziwa ndili mtsogoleri wa kwaya. Ena munandidziwa pambuyo pake, ndikudzandira mumsewu wochokera ku Muloza dzuwa lili pamutu. Lero ndikufuna ndikuuzeni zimene zinachitika pakati pa nthawi ziwirizo, ndi zimene Mulungu wachita kuchokera apo.

Mayi anga anamwalira ndili wamng'ono. Bambo anali atabwerera kale kwawo ku Mozambique. Anandilera ndi amalume anga, a Luwizi, amene anali mkulu wa mpingo komanso mmisiri wa matabwa. Anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, Petulo. Ine ndi Petulo tinkagona pamphasa imodzi, ndipo amalume sanatisiyanitse pa chilichonse.

Amalume anali munthu wofatsa koma wosagwedezeka. M'mawa uliwonse asanatsegule shedi yawo yopaliramo matabwa ankapemphera m'Chilomwe, ife titagwada pautuchi. Akalonjeza munthu kuti chitseko chitha Lachisanu, chinkatha Lachisanu. Anthu odula mkungudza mobera kuphiri ankabwera kudzawanyengerera ndi matabwa otsika mtengo. Iwo ankangowapatsa madzi akumwa n'kuwatsanzika.

Ine ndinkachita zonse zimene amalume ankachita. Akapita kutchalitchi, ndinali kumbuyo kwawo. Akasala kudya, nanenso ndinkasala. Ndinabatizidwa, ndinakwatira ukwati woyera, ndinasankhidwa kutsogolera kwaya. Pamene denga la tchalitchi linayamba kudontha, ndine ndinasonkhanitsa achinyamata kuti tilikonze. Anthu ankati, "Uyu ndi Luwizi wachiwiri." Ndinkakondwa nawo mawuwo. Sindinadzifunsepo ngati ndinkamudziwa Mulungu pandekha.

Kenako amalume anadwala, n'kumwalira.

Asanamwalire ananena kuti shedi tiziyendetsa awiri, ine ndi Petulo. Koma ine ndinali wamkulu, komanso wodziwa kulankhula ndi makasitomala. Posapita nthawi makiyi anali m'thumba langa.

Pamenepo panabwera anzanga atsopano. Anali amalonda a matabwa, ovala bwino. Ankanditchula kuti bwana. Ankati amalume anali munthu wabwino koma wachikale, ndipo mmisiri ngati ine sayenera kufera pamatabwa a bulugamu. Ndinayamba kugula mkungudza wobedwa. Malonda tinkakambirana kumowa, nthawi zina kutsidya kwa malire, ku Milanje. Poyamba ndinkamwa zoziziritsa kukhosi. Kenako botolo limodzi la mowa. Kenako kachasu.

Pemphero la m'mawa linatha lokha. Palibe tsiku limene ndinaganiza kuti ndasiya kupemphera. Panalibe wondiuza kuti tigwade, ndiye sindinagwade. Kwaya ndinkapitabe, koma mwa apo ndi apo. Mkazi wanga akandifunsa, ndinkamuuza kuti nkhani za amuna sazidziwa.

Petulo anapirira kwa nthawi yaitali. Iye si munthu wa mawu ambiri. Ankangogwira ntchito zimene ine ndazisiya panjira, n'kumapepesa kwa eni ake.

Tsiku lina la msika, masana, ndinabwera kushedi ndi anzanga aja titamwa. Kuseri kunali matabwa a mkungudza ovindikiridwa ndi matumba. Petulo anasiya kucheka n'kuimirira.

"Achimwene," anatero, "matabwa awa achoke muno. Bambo sanatisiyire shedi kuti izikhala mobisa zakuba. Inu mwamusiya Mulungu, ndipo mukudziwononga."

Sanakweze mawu. Koma anzanga anaseka, ndipo mmodzi anati, "Bwana, kodi muno wolamula ndani?"

Ndinatola thabwa limene linali pafupi n'kumumenya nalo. Anatchinga mutu ndi mkono wamanja. Ndinamva fupa likuthyoka. Anagwera pautuchi, osalira, akungondiyang'ana. Nditacheuka, anzanga aja anali atachoka.

Anthu anamutengera kuchipatala cha kuboma. Apolisi atafunsa, Petulo anati ndi nkhani ya pabanja, ndipo safuna kuti m'bale wake amangidwe. Mkono unalumikizana, koma sunawongoke bwino. Mpaka lero sangathe kupala thabwa kapena kugwira nyundo nthawi yaitali. Mmisiri amene bambo ake anamuphunzitsa kuyambira ali mwana ndine ndinamulanda dzanja.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinalapa tsiku lomwelo. Sindinalape. Ndinkauza anthu kuti Petulo anandinyoza pagulu. Mkazi wanga anatenga ana kupita kwawo ku Chinakanaka. Mpingo unandiimitsa, n'kundiuza kuti ngati ndikufuna kubwerera ndizilowa kalasi ya anthu oimitsidwa Lachitatu lililonse masana. Ndinapita, osati chifukwa cha Mulungu, koma kuti makasitomala aone kuti nkhani yatha.

Kalasiyo ankaphunzitsa ndi mayi Nasibeko, amene kale anali mphunzitsi wa pulayimale. Tinalipo anthu ochepa, titakhala pamabenchi akumbuyo. Nthawi imeneyo ankaphunzitsa za mafumu a Yuda, mmodzi ndi mmodzi. Ine ndinkangokhala, maso ali pawindo.

Tsiku lina anafika pa mfumu Yowasi. Anafotokoza kuti mfumuyi inali mwana wamasiye, woleredwa ndi wansembe Yehoyada m'nyumba ya Mulungu. Inachita zabwino nthawi yonse imene wansembeyo anali moyo, mpaka inakonzetsa kachisi amene anali atawonongeka. Wansembe atamwalira, akalonga anabwera kudzaigwadira ndi mawu okoma, ndipo inawamvera n'kusiya Mulungu. Mwana wa wansembe uja, Zekariya, ataidzudzula, mfumu inalamula kuti aponyedwe miyala. Sinakumbukire n'komwe zabwino zimene bambo a Zekariya anaichitira.

Ndinaona ngati onse akuyang'ana ine, ngakhale palibe anacheuka. Kalasi itatha ndinawatsatira mayi aja panja.

"Mayi, ngati mukufuna kundinena, ndineneni poyera. Musabisale kumbuyo kwa Malemba."

Anandiyang'ana modekha. "Bambo Jasitini, mafumuwa tikuwatsata mwa ndondomeko yawo. Sabata yatha tinali pa wina, sabata yamawa tidzakhala pa wina. Ine sindinasankhe. Ngati mwadziona m'menemo, wakuonetsani si ine."

Ndinafunsa kuti Yowasiyo anatha bwanji. Anati anaphedwa ndi antchito ake ali chigonere pabedi, ndipo sanaikidwe m'manda a mafumu.

Sabata imeneyo sindinamwe. Sikuti ndinali nditasintha, koma mantha anandigwira. Ndinayamba kuona chinthu chimene sindinachionepo. Zaka zonse zija ndinkatsatira amalume, osati Ambuye. Ubwino wanga unali wawo. Atapita nawo kumanda, ine ndinatsala wopanda kanthu, ndipo aliyense wonditcha bwana akanatha kunditsogolera kulikonse.

Ndinkaganiza kuti mathero anga adzakhala ngati a Yowasi. Komabe Lachitatu ndinkapita, tsopano ndikumvetsera. Tinadutsa Uziya, amene mphamvu zinamudzetsera kunyada. Tinadutsa Hezekiya, amene anatengera mavuto ake kwa Mulungu. Kenako tinafika pa Manase. Uyu anachita zoipa kuposa onse, mpaka kukhetsa magazi osalakwa. Adani anamugwira n'kupita naye kudziko lachilendo atamumanga. Kumeneko anadzichepetsa n'kupemphera, ndipo Mulungu anamumvera. Atabwerera kwawo, anagwetsa ndi manja ake mafano amene anawaimika yekha.

Mayi Nasibeko anati, "Onani kusiyana kwake. Yowasi anali ndi womulera wabwino, koma sanafunefune Mulungu yekha. Manase anapemphera ali kumene kunalibe womuuza kuti apemphere."

Madzulo a tsiku limenelo ndinalowa mushedi n'kutseka chitseko. Ndinagwada. Ndinazindikira kuti sindidziwa kuyamba pemphero popanda wina wondiyambira. Ndinangoti, "Ambuye Yesu, ndine uyu. Ndachimwa. Mundilandire ineyo." Sindinaone kuwala kapena kumva mawu. Koma nditaimirira ndinadziwa kuti ndamvedwa, ndipo ndinadziwa choti ndichite.

M'mawa mwake ndinauza amalonda aja kuti asadzafikenso. Kenako ndinapita kwa Petulo. Ndinamupeza pakhonde akuyesa kumanga chingwe cha nsapato ndi dzanja limodzi. Ndinakhala pansi padothi n'kumupempha kuti andikhululukire. Ndinaika makiyi a shedi pafupi ndi mapazi ake.

Petulo anayang'ana makiyiwo. Kenako anati, "Kukhululuka ndinakhululuka kale, achimwene, ndili kuchipatala. Koma kukukhulupirirani kutenga nthawi."

Ananena zoona, ndipo kunatengadi nthawi. Mkazi wanga nayenso sanabwerere msanga. Anadikira mpaka mvula inagwa n'kutha, akufunsa kwa anthu ngati ndasiyadi mowa. Kamodzi ndinagwa n'kumwanso, pamaliro a mnzanga. Tsiku lotsatira ndinakanena ndekha kwa akulu a mpingo, wina asanakandinenere. Kale sindikanachita zimenezo.

Lero shedi akuyendetsa ndi Petulo. Iye amayeza, kulemba ndi kulankhula ndi makasitomala. Ine ndimacheka ndi kupala. Ndikamuona akunyamula kapu ya tiyi ndi dzanja lamanzere, ndimakumbukira kuti chikhululukiro sichifafaniza zonse zimene tchimo lawononga. Kwaya akutsogolera ndi wina, ine ndimaimba kumzere wakumbuyo. Ana anga ali pakhomo. Ndimawaphunzitsa kupemphera, koma nthawi zina ndimakhala chete dala kuti ayambe okha.

Ndikuyamika Mulungu amene sanandisiye kuti ndithe monga ndinayenera kuthera. Ndikuyamika Yesu Khristu amene anafera ngakhale munthu wovulaza m'bale wake. Ulemerero ukhale kwa Iye yekha.

Abale ndi alongo, mwina ena muli muno chifukwa cha mayi anu, amuna anu, kapena abusa amene mumawakonda. Thokozani Mulungu chifukwa cha anthu amenewo. Koma tsiku lina adzachoka. Musadikire tsiku limenelo kuti mudziwe chimene chili mumtima mwanu. Ndipo ngati wina muno wagwa kale, ndipo akuganiza kuti wafika patali, Mulungu amamva pemphero lochokera kutali. Bwerani kwa Yesu lero, ndi mawu anuanu, ngakhale akhale ochepa. Adzakulandirani.