Mpira wa Derrick uli pa dishi ya ku bawa

Loweruka lija ndinali pa siteji ya ku Kafue Estates, basi osabwera, ndiye makutu anga anangogwera kwa amayi ena amene anaima ndi abambo owerenga nyuzipepala.

"Pepani bambo, mpira wa ku Joni aonetsa pa TV lero?"

"Iyayi amayi, ya boma ilibe. Anaugula a kampani ya madishi aja. Kuno kwathu dishi ili pa bawa ya kuseri kwa msika chabe."

"Mayo ine! Mwana wanga Derrick asewera lero, koyamba. Zaka ziwiri sindinamuone nkhope."

"Ndiye muchedweranji? Uyamba fifitini awazi."

"Ine wopemphera, kulowa mu bawa? Abusa akamva adzandichotsa mu kwaya."

"Kaimeni pa windo."

"Pa windo? Kuti msika wonse undione?"

"Basi dikirani nyuzipepala ya mawa. Koma muja alemba zigoli chabe, nkhope saika."

"Kodi pa dishi munthu aoneka bwino? Mpaka kudziwa ngati waonda?"

"Ngakhale thukuta, amayi."

Amayi aja anatsitsa mawu.

"Nanga bambo, bawa ija ili ndi chitseko cha kumbuyo?"