Waya Wolowera Pakhomo

Pamzere wodikira basi, mayi wina anagwedeza bambo amene ankawodzera ali chiimire.

"Bambo, mugwatu. Simunagone?"

"Ndimachezera kulondera chitseko, mayi. Chiikireni intaneti sichitsekeka."

"Zikugwirizana bwanji?"

"Amisiri ankafuna kuboola khoma pafupi ndi zenera kuti alowetse waya. Apongozi anga anakana kwamtuwagalu. Akuti wolowera pazenera ndi wakuba, wayayo alowere pakhomo ngati mlendo aliyense."

"Inu n'kulola?"

"Nyumba ndi yawo. Mpaka anamuuza wayayo kuti, 'Lowani.'"

"Osangokanikiza chitsekocho bwanji?"

"Wayayo m'kati mwake ndi galasi, athyoka."

"Koma intanetiyo ikugwira?"

"Kabokosi kake anaba dzana, nditangotsinzina pang'ono."

"Mayo! Ndiye apongoziwo akuti chiyani?"

"Akuti wakubayo analeredwa bwino. Analowera pakhomo."