Ndinati ndine wantchito wa a Zulu

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse, abale ndi alongo. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Ambiri mumandidziwa kuti Mayi Zulu a mandasi, a ku Ndirande konkuno. Ndaima pano ndi nkhani ya manyazi. Koma ndiinena.

Amuna anga, bambo a Lute, si a kuno. Kwawo ndi ku Chipata, ku Zambia. Anabwera ndi mapepala awo abwinobwino kudzakonza makina pa fakitale ina yosoka zovala. Tinakwatirana, tinabereka ana atatu. Tinkakhala bwino, abale. Nyumba ya malata, wailesi, njinga. Ine pa mpopi ndinkanyada nawo, osati pang'ono.

Chaka ndi chaka ankawapatsa fomu ya msonkho. Chaka china, polemba fomuyo, anafika pamene amafunsa ndalama zina zimene munthu amapeza kupatula malipiro. Iwo anali ndi kanyumba ku Lusaka, kamene anamanga asanabwere kuno. Munkakhala anthu a lendi. Ndalamazo sizinkafika n'komwe ku Ndirande, zinkathera kwa amayi awo okalamba.

Ndinati, "Bambo a Lute, pamenepo dumphanipo. Akudziwa ndani?"

Iwo anati, "Andifunsa, ndiyankha. Nyumbayo ndi yanga, si yakuba."

Achinyamata, inu simungamvetse. Masiku amenewo, a chipani chimodzi, dzina loti Lusaka sitinkalitchula mokweza. Kumeneko n'kumene kunkathawira anthu osemphana ndi boma.

Chingerezi cha pa fomupo chinawavuta, ndiye anapita nayo kwa neba wathu, kalaliki wina, kuti awathandize. Kalalikiyo anali wokonda mowa. Nkhani inafika ku kachasu: a Zulu amalandira ndalama za ku Lusaka. Pomwe imafika pa msika, inali itakula: a Zulu amalipidwa ndi zigawenga.

Anawatenga m'mawa, akuvala ovolosi. Amuna awiri a boma ndi galimoto. Sanandiuze chifukwa.

Abale, Ndirande inandithawa! Mandasi ankabwerera onse m'beseni. Pa mpopi amayi ankasuntha zidebe zawo. Ena ankanong'ona kuti a Zulu akawataya ku malire. Ena ankati mkazi wa munthu wotere nayenso amamutenga. Ine mantha anandilowa mpaka m'mafupa.

Amene anagogoda pakhomo panga anali mmodzi yekha, Abiti Saidi, mayi wachisilamu wa kuseri kwathu. Anati, "Ndamva kumene awasunga. Phikani, ikani m'bakuli, ine ndikuperekezani."

Ku ndendeko lamulo linali lakuti wobweretsa chakudya alawe kaye pamaso pa mlonda, ndipo anene kuti ndi ndani wake wa womangidwayo. Ndinalawa mpunga. Ndinalawa nyemba. Mlonda anagwira cholembera.

"Ndinu ndani wake?"

Ndinayang'ana cholembera chija. Ndinaganiza za ana anga. Mawu anangotuluka okha pakamwa.

"Ndine wantchito wawo, bwana. Angondituma."

Wantchito! Ine, amene anandikwatira m'tchalitchi! Ine, wowaberekera ana atatu! Potembenuka, a Zulu anali pomwepo, pa kawindo ka zitsulo. Anamva zonse. Analandira bakuli ndi manja awiri, monga umalandirira kwa mlendo, n'kunena kuti, "Zikomo, mayi."

Ine ndi Abiti Saidi tinauyamba ulendo wobwerera. Titafika pa msika anati, "Mawa mupitenso, mukanene zoona."

Sindinapite, abale. Mawa lakelo sindinapite, mkuja sindinapite. Ndinkangophika, Abiti Saidi n'kumanyamula. Munthu wa chipembedzo china ankalawa chakudya cha amuna anga, ine Mkhristu nditabisala m'nyumba. Ndikagwada, pemphero silinkatuluka. Ndikanayamba ndi mawu ati?

Koma Mulungu sanadikire kulimba mtima kwanga. Aleluya! Aboma atafufuza anapeza kuti ndi lendi ya nyumba basi. Ndiponso wolipidwa ndi zigawenga angakadzilembe yekha pa pepala la boma? Mvula itatha anawamasula. Anabwera atawonda, mutu uli nsabwe zokhazokha.

Sananditukwane. Sanandifunse. Bola akanandikalipira! Ankapita ku ntchito, ankabwera, ankadya, ankati zikomo. Zikomo yemwe uja. Ine kuwayang'ana m'maso zinkandikanika.

Chaka chinazungulira, fomu inabweranso. Anakhala nayo pa khonde, okha ulendo uno. Za ku Lusaka analembanso, osadumpha. Kenaka anandiitana.

"Amake Lute, pano akufunsa ngati ndili ndi mkazi, ndi dzina lake. Pepalali likupita ku boma. Ndilembe chiyani?"

Sanafunse mwaukali, ayi. Anafunsa ngati munthu wosadziwadi yankho. Abale, ndinagwada pa simenti pomwepo, ndinalira ngati pa maliro. Ndinati, "Ndikhululukireni, bambo a Lute. Ndipatseni cholemberacho."

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma dzina langa ndimalidziwa. Ndinalemba ndekha: Esinati Zulu. Zilembo zokhotakhota, zina zinatuluka mu mzere. Iwo anayang'ana, n'kuseka koyamba chibwerereni. Anati, "Akawerenga movutika, koma akawerenga."

Tsiku limenelo pemphero linatuluka.

Lero tinakalamba. Kanyumba kaja anagulitsa amayi awo atamwalira. Ana anakula, Lute ndi namwino. Abiti Saidi anatisiya, koma zidzukulu zawo zimadya mandasi anga ulere. Ndikuthokoza Mulungu amene anandichotsera mantha, ngakhale manyazi anandisiyira pang'ono kuti ndisaiwale.

Ndisanakhale pansi, tayang'anani ku benchi la abambo, kumbuyo uko. A jekete lotuwawo, amene akuweramawo. Dzukani pang'ono, bambo a Lute, akuoneni. Amenewo, abale ndi alongo, ndi amuna anga. Ameni.