Kalasi ya Rahila Imene Inasamukira M'bwato

Olemekezeka Amfumu a mudzi uno, Shehe Hamidu, Abusa Layson, a Khansala athu Mayi Nester, alendo athu ochokera ku Italy, amayi ndi abambo a kuno ku Ngala, ndikupatsani moni nonse.

Mundikhululukire ndikamakakamira powerenga. Pepalali ndalemba ndekha, ndipo sukulu ndinalekera Sitandade 3, choncho zilembo zina zakhota, zina zasowa. Ine ndine Swaibu, wokhoma mabwato. Atandiuza kuti ndikhale mlendo wolemekezeka ndinafunsa katatu ngati sanalakwitse dzina.

Chaka chatha mwana wanga Rahila, atakhoza Folomu 4 n'kusowa ntchito, anatenga pasipoti kuti apite ku Joni. Ine nkhawa ndi matenda anga. Ndinamupempha kuti adikire miyezi itatu yokha.

Nthawi yomweyo kunabwera anamwino anayi a ku Italy kudzathandiza pachipatala. Chingerezi cha m'buku ankachidziwa, koma anzawo akayamba kucheza Chingerezi chokuluwika, iwo ankangoyang'ana pansi. Anapempha Rahila kuti aziwaphunzitsa, ine n'kupereka shedi yanga.

Rahila anaphunzitsa mmene anaphunzitsidwira iye. Aphunzitsi akalowa, imirirani! Bwerezani pamodzi kakhumi! Tsiku lina a Fiyorela, mmodzi wa anamwinowo, mayi wa zidzukulu, atachedwa anapatsidwa tsache. Anasesa ndithu, koma mawa lake m'shedi munalibe munthu.

Rahila anandipeza pagombe ndikumata bwato, nati, "Baba, ndayesa. Lolemba ndikukwera basi ya ku Joni."

Ndinati, "Mwanangu, mawu ukuphunzitsawo anachokera kuti?"

Anati, "Ambiri kwa amalinyero. Mngerezi akati munthu akudziwa zingwe, ndiye kuti ntchito waizolowera."

Ndinati, "Nanga zingwezo ukuzilemba pabolodi bwanji, pomwe ine ndili nazo pano?"

Loweruka tinawakweza anamwino aja m'bwato la thanga. Ndinawaveka majekete oyandamitsa awiriawiri, ndipo a Fiyorela anaseka nati, "A Swaibu, mukufuna tife ndi kutentha m'malo momira?" Ine ndinkawagwiritsa chingwe, Rahila n'kumatchula mawu ake ndi kumene anachokera. Mphepo itatembenuka Rahila anafuula mawu a amalinyero oitanira manja onse kuntchito, ndipo onse anayi anadumphira chingwe chimodzi. Pofika pafupi ndi mtsinje wa Bua anali akunyozana okhaokha m'Chingerezicho. Lolemba basi inapita yopanda Rahila.

Kuchokera pamenepo anamwino aja anauza anzawo, anzawo anauza anzawo, ndipo ophunzira khumi ndi asanu ndi mmodzi adutsa m'manja mwa mwana wa wokhoma mabwato. Shedi ija ndi iyi mukuionayi, yamalata, ya mawindo, yopanda tsache la ochedwa! Ombani m'manja, musachite manyazi. Ndikuthokoza achinyamata amene anaumba njerwa, ndi amayi amene anatunga madzi.

Chotsala ndi chimodzi. A Fiyorela aitana Rahila kuti akaphunzitse ku Italy miyezi isanu ndi umodzi. Ndafunsa, akuti n'kutali kuposa Joni. Akufuna yankho langa mwezi uno usanathe, ndipo sindinayankhe.

Koma lero ndi lachimwemwe. Ndi mphamvu zimene mwandipatsa, ndikulengeza kuti nyumba yophunziriramo iyi ndi yotsegulidwa.

Zikomo kwambiri.