Kabatani Ankawerenga Chozondoka

Papepala pano ndalemba kuti ndi m'mawa ndipo kwacha bwino, kadzuwa kakuwala. Ngati kunjaku kukugwa mvula mundikhululukire, ndinalemberatu.

Olemekezeka bwana mkulu wa zamaphunziro, amene ndikukhulupirira kuti mmene ndikuwerenga izi mwafika, olemekezeka aphunzitsi aakulu, a wapampando a komiti ya makolo, amene jekete lanulo ndinasita ndine, aziphunzitsi nonse, amayi, ndi abambo ngati alipo, ndi inu ana, amene mwalonjezedwa maswiti mukakhala chete: ndakupatsani moni nonse.

Ine si wolankhula pagulu. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndipo ntchito yanga ndi yosita zovala m'kashopu kochapira kuseri kwa msika. A komiti atabwera kudzandiuza kuti ndikhale mlendo wolemekezeka potsegulira chipinda chowerengeramo makolo ndi ana, ndinawafunsa ngati olemekezeka enieni onse adwala. Anati ayi, akufuna nkhani ya mwana wanga wamkazi, amene timamutcha Kabatani. Ndiye ndiwerenga osadzutsa mutu, ndipo musandiuze kuti ndikweze mawu, ndi omwewa.

Kabatani atayamba kalasi yoyamba, aphunzitsi anatiuza makolofe kuti tiziwerenga ndi ana kunyumba. Ine kunyumba ndimafika manja atalema, choncho ndinkamuphunzitsira kuntchito akaweruka. Ine ndinkaima mbali ino ya thebulo ndi simbi, iye ankakhala mbali inayo pakampando, kuti angapse. Buku ndinkaliika patsogolo panga, dzanja lamanja likusita, lamanzere likuloza zilembo. Masamu tinkaphunzirira pa mabatani a malaya a makasitomala. Vuto lake, malaya ambiri ali ndi mabatani seveni, moti kwa miyezi iwiri mwana wanga ankadziwa kuti pambuyo pa seveni pamabwera kolala.

Kushopu ankawerenga ngati wailesi. Kusukulu akamupatsa buku ankangoliyang'ana ngati mbuzi yaona chikwangwani. Apongozi anga sanachedwe kupeza chifukwa, anati mwana watengera mutu wa kuchikazi. Ine mumtima ndinkaopa kuti mwina akunena zoona.

Chaka chikupita kumapeto tinaitanidwa ku ofesi. Aphunzitsi aakulu anakhala mbali yawo ya desiki, kalata ili patsogolo pawo, ife mbali yathu. Anayamba mozungulira, akuti ana amasiyana, ena ndi a chaka chino, ena ndi a chaka chamawa. Ine maso pansi. Ndiye ndinamva kamawu pambali panga, pang'onopang'ono:

"Mwa-na u-yu sa-dzi-wa ku-we-re-nga. A-bwe-re-ze ka-la-si."

Kenako Kabatani anandikoka chovala. "Amayi, akunena ndani?"

Aphunzitsi aakulu anavula magalasi. Anatembenuza kalatayo kuti imuyang'ane bwinobwino, mwana duu. Anaibwezera chozondoka, mwana anawerenga mpaka deti. Anandifunsa kuti pomuphunzitsa ndimakhala pati, ndinati moyang'anizana naye. Apo m'pamene tonse tinazindikira: chaka chonse buku linkayang'ana ine, ndipo mwana wanga anaphunzira zilembo zonse miyendo ili m'mwamba.

Anatipatsa masabata atatu, mayeso asanafike, kuti timutembenuze. Akalephera, abwereza. Ndinasuntha kampando kubwera mbali yanga, kumanzere, ndipo tinayambiranso pa "a". Masiku oyamba ankalira kuti ndamugwetsera zilembo zake. Ine maso ali pabuku ndinapsereza thalauza la kasitomala wina. Sinditchula dzina, chifukwa mwina ali pano ndipo wakhalira pomwepo.

Kabatani anakhoza. Apongozi anga tsopano akuti mutu umenewu ndi wakwawo.

Makolo anzanga, ine sindidziwa zambiri, koma ichi chokha ndachidziwa mochita kupsa nacho. Kuthandiza mwana sikufuna satifiketi, mabatani ndi zitsekero za mabotolo zilipo nyumba iliyonse. Koma khalani naye mbali imodzi, phewa ndi phewa, kuti chimene mukuona inu, nayenso aone chomwecho. N'chifukwa chake ndinapempha kuti m'chipindamu muikidwe mabenchi okhalapo awiri. Abambo, benchi sililuma.

Chenjezo limodzi kwa inu akuluakulu: chozondoka chija sanaiwale. Ngati mapepala anu ali pathebulo, ndipo kutsogolo kwanu kwaima kamtsikana kopanda mano awiri akutsogolo, dziwani kuti kamaliza kale kuwerenga, ndipo kakudziwa kuti mulankhula masamba angati.

Tsono ndikulengeza kuti chipinda chowerengeramo makolo ndi ana chatsegulidwa. Lowani awiriawiri.

Zikomo kwambiri.

Ndamaliza kulemba Lachitatu, itangokwana 3 koloko masana.