Shawelo ya Mwana Wosabadwa

Chaka chimene bambo a ana anga anapita ku Joni n'kusiya kuyimba foni, ndinkakhala m'nyumba za mdadada kuseri kwa msika wa Mitundu, ndipo khoma lake, azinzanga, linali loti mnzako akatsokomola umayesa ali pamphasa pako. Lamulungu lina masana ndinamva mbale ikugwa kwa aneba, a Chisale ndi akazi awo Nabanda, amene anali atatopa ndi pakati.

Tsikulo sindinapite kutchalitchi. Ndinali nditaleka, chifukwa ana atatu ankatsokomola molandizana, mwamuna ali zii, ndipo ndikagwada mawu ankangothera pakhosi. Ndinkaopa mawa ngati munthu amene akubwera kudzandimenya.

"Mwagulira ndani shaweloyi?" anakuwa Nabanda. "Mwamuona mwanayo inu?"

Atsikana a lero mumagula matewera mimba isanaoneke n'komwe, mpaka kujambula pa foni, koma ife tinakula tikuuzidwa kuti wosabadwa sagulirwa chovala, kuopa kumuitanira tsoka. Ndipo Nabanda anali ataika kale ana awiri kwawo ku Nathenje, onse osalira ngakhale kamodzi.

"Anamwino anati mawa mukayambe kudikirira kuchipatala, mutenge nsalu ndi beseni," anatero a Chisale. "Ndiye akabadwa timufunditse thumba la fetereza?"

"Sindipita! Ndikagone pakati pa azimayi, iwo azituluka atanyamula ana, ine ndituluke ndi beseni? Kabwezeni!"

Ndinkadziwa kuti akakhalira pakhomo, tsiku lake likafika adzandigogodera ine, ndipo ndikanatani ine ndi manja awiriwa? Ndinayang'ana ana anga ali gone pamphasa, mamina ali mbwee, amene m'mawa womwewo ndinawanena kuti ndi katundu wondithyola msana. Ndinayamba kuwagwira pachifuwa mmodzimmodzi. Onse ankapuma.

Kuseri kuja a Chisale anayankhula motsitsa, moti ndinachita kugunditsa khutu kukhoma.

"Anabanda, awiri aja sitinawagulire kanthu. Tinasunga mwambo wonse, koma anapita. Ine mantha ndili nawo kuposa inu. Koma ndatopa kukonzekera maliro okhaokha. Mwanayu mwini wake ndi Mulungu, si shawelo. Ife mbali yathu ndi kupita kuchipatalako."

Nabanda analira, kulira kwenikweni kotulutsa zonse, ndipo nanenso ndinapezeka ndagwada, ndikungoti, "Ambuye, mwationa, kuno ndi kuseriko." Mavuto anga sanachoke, ayi, koma analeka kudzaza nyumba yonse.

Ndiye inu azinzanga, mantha akakukwerani pakhosi musamadzitsekere nawo. Nenani kwa Mulungu ngakhale mawu awiri, kenako chitani chimene chili patsogolo panu tsiku limenelo.

Patapita kanthawi ndinamva Nabanda akumina.

"Mtundu wakenso mwasankha woipa," anatero. "Wachikasu ngati nyemba zofwifwa. Iikeni pansi pa beseni, ndisaione mpaka tikafike."

"Ndamva, mayi."

"Ndipo njinga muipope lero, osati mawa muzikandiyendetsa pansi."

Madzi analira m'mbale yosambira m'manja, mpando unakokedwa, ndipo a Chisale anati, "Senderani kuno. Therereli lazizira, koma tipemphere tidye."