Pulogalamu Yokhalira Chete

Madzi a mvula atangophwerako m'njira za ku Kanyama, ba Chilekwa, dalaivala wakale wa minibasi amene sanagonjepo pa mkangano chibadwire, anafika pa kontena ya Cephas atakulunga laputopu m'chitenje cha akazi awo. Cephas amakonza mafoni ndi makompyuta, ndipo matenda ake ndi amodzi okha: chimene mwamuuza ndi chimene amachita, osawonjezera, osachotsera.

"Cephas, ika WhatsApp umu."

Cephas anafunyulula chitenje, nayatsa laputopuyo. "Muli Linux umu, ba mudala."

"Sininafunse vamene vilimo."

"Ni mwana wanu mukazi ba Mwape banaikamo, ati makina yakale yathamanga bwino na Linux. WhatsApp ingaseguke pa intaneti, koma iyamba yafunsa foni yanu. Foni ili kuti?"

"Mu ngalande. Inayenda na mvula ija inangena mu manyumba."

"Nanga ya bakazi banu?"

"Bana Mwape bali ku Kitwe na foni yao. Mwape abala mwana mwamuna." Ba Chilekwa anadzigunda pachifuwa. "Ine shikulu wake, ambuye bake beni-beni, namvelela ku tchalitchi, monga chilengezo cha kwaya!"

Anatulutsa kansalu, napukuta m'maso. "Fumbi," anatero.

Cephas anasuzumira panja. Kunali matope okhaokha mpaka kumsewu. Anabwerera ku laputopu.

"Yaliko mapulogalamu yenangu ya macheza," anatero. "Yenangu yafuna nambala ya foni, yenangu siyafuna. Niuzeni nchito yake, nisankhe. Mufuna kutuma meseji?"

"Awe."

"Mufuna kulandila?"

"Sininakambe so."

"Kutumila na mau? Na vidiyo?"

"Iwe, nioneka monga munthu wofuna kuoneka pa vidiyo?"

Cephas anachotsa manja pa laputopu. "Manje mufuna pulogalamu ya macheza yochita chani?"

"Yokhala zii."

"Laputopu ikakhala yozima ili kale zii."

"Ndiye vuto yamene iyo!" Ba Chilekwa anamenya tebulo, timasikuluwu tonse tinadumpha. "Munthu alibe foni akakhala zii, banthu bakamba ati alibe che foni. Ukali wanga wonse uyu uonongeka mahala, kulibe amene auona. Nifuna Mwape aone kuti nilipo, manja nili nayo, nthawi nili nayo, koma sinilemba."

"Banalakwa chani ba Mwape?"

Apa mkuluyo anakoka benchi nakhala, pakuti nkhani iyi ankaikonda kuposa chakudya.

"Tinali na gulupu ya banja. Ine natumapo meseji yabwino, yothandiza, ati ukagona na anyezi mu sokisi BP isila. Mwape alemba ati, 'Daddy, ivo ni vaboza.' Pa gulupu! Pamene pali bapongozi bake ba Nsofwa! Ba Nsofwa baikapo na kankhope koseka kaja kochoka misozi. Ine nachoka mu gulupu. Namuuza ati usakanilembele futi."

"Ndiye banalemba?"

"Olo kamodzi!"

"Ndiye banamvela."

"Anachita mwano!"

"Koma munati basalembe."

"Cephas, mwana wa nzelu aziba kuti tate akati usalembe, ndiye kuti ulembe, upapate, ulembe futi." Anatsitsa mawu. "Manje mvela. Mchombo wa mwana ukagwa bazamupatsa zina. Ine nikapitiliza kusaoneka, muzukulu wanga woyamba azakhala Nsofwa. Nsofwa! Zina ya munthu wa kankhope koseka."

Kansalu kaja kanatulukanso. "Fumbi ya mu kontena yako iyi."

Kunena zoona, munthuyo ankamvetsa chisoni, ngakhale kuti akanati amve wina akunena zimenezo, bwenzi atamutulutsa m'minibasi pakati pa msewu.

Cephas anatsegula kawindo kakuda, nalemba timizere tingapo. Zilembo zinayamba kutsika ngati nyerere.

"Naika iyi, siyifuna nambala," anatero. "Mwaona aka kanyali ka gilini pafupi na zina yanu? Kakayaka, ndiye kuti mulipo."

Ba Chilekwa anayandikitsa mphuno. "Kang'ono maningi. Kulitsa."

"Sikakula."

"Kalibe kofiila? Ka ukali?"

"Kofiila kakamba ati muli bize."

"Sinili bize! Nili che khale, ndiye vamene vifunika vimubabe. Siya ka gilini." Anakanda pachibwano. "Koma pali vuto. Aya manja niyaziba. Nikamwako tubotolo tubili pa Chibelu, yazayamba kulemba yeka. Khoma."

"Nikhome chani?"

"Polembela. Nizibelenga che."

"Vingachitike. Nipanga chipinda cha macheza chamene imwe mubelenga, koma kulemba balemba benangu. Chokhomela chake ni pasiwedi. Nikupatseni?"

"Taya."

"Nikataya siyibwela, ba mudala."

"Nati taya! Elo ulonjeze. Olo nikupemphe, olo nigwade, olo nilile, usanithandize kuyankha mpaka pa Sondo. Mwape ayambe amvelako mwamene chimvekela."

Cephas, amene amalandira alendo pakhomo la tchalitchi chawo ndipo sanathyolepo lonjezo, anakweza dzanja. "Olo mupemphe, olo mugwade, olo mulile. Mpaka pa Sondo." Kenako anatsinzina, nagogoda zilembo mwachisawawa, nadina batani. "Yayenda. Na ine sinayione."

"Eyaa. Manje tione."

Anakhala. Kanyali kankayaka. Panja panadutsa wilibala ya makala, mwini wake akutukwana matope. Kanyali kankangoyakabe.

"Waona?" anafunsa ba Chilekwa.

"Nani?"

"Mwape! Waona kuti nili zii?"

"Awe. Mu chipinda muli mweka."

"Nili neka?"

"Ba Mwape sibaziba kuti chipinda chiliko. Bafunika kuitanidwa."

"Manje nakhala nikalipila ndani nthawi yonse iyi?"

"Kulibe."

Ba Chilekwa anaimirira, nazungulira benchi, nakhalanso. "Ine siniitana munthu. Woitana ndiye wagonja."

"Nibaitane ine pa foni yanga? Nambala yao nili nayo."

"Iwe ni iwe, sindiwe ine. Ita."

"Nibauze chani?"

"Muuze che vamene vilipo."

Cephas anagwedeza mutu, nayamba kulemba. Analemba, nalemba. Anaima pang'ono, nayang'ana mkuluyo kuyambira kumutu mpaka kunsapato, nalembanso.

"Iwe, ni kalata ya nchito iyo? Belenga nimve."

"Natuma kudala."

"Belenga!"

Cephas anawerenga ndi mawu ake a pakhomo la tchalitchi: "Ba Mwape, ni Cephas wa pa kontena. Ba daddy banu bali pano. Bafuna mungene mu chipinda ichi muone kuti bali zii dala. Bayopa kuti mwana azakhala Nsofwa. Bakakamba za mwana bapukuta menso, bakuti ni fumbi, koma kuno kuli matika yekayeka."

Ba Chilekwa anadzigwira kumutu ndi manja onse awiri.

"Nalakwitsa pena?" anafunsa Cephas.

"Wanivula! Wanivula pakati pa Kitwe!"

"Munati vamene vilipo."

"Vamene vilipo va laputopu, osati va mu menso mwanga! Bweza meseji iyo!"

"Babelenga kudala. Onani, bangena."

Pafupi ndi kanyali ka ba Chilekwa panayaka kena. Mkuluyo anawongola msana, napinda manja pachifuwa, nakweza chibwano, ngati kuti mwana wakeyo akumuona kudzera m'kanyaliko.

"Aone," ananong'ona. "Aone mwamene tate akhalila zii."

Laputopu inalira kamodzi. Panatuluka chithunzi cha khanda lokulungidwa m'shawelo yoyera, nkhope yokwinyika, kamwa lotukula, chipumi chonse makwinya.

"Akalipa," anatero Cephas.

"Ni chipumi changa icho." Manja aja anamasuka okha. "Cephas, ona chipumi! Uyu Nsofwa achokela kuti?"

Inaliranso. Ba Chilekwa anali atasiya magalasi kunyumba, choncho amene anawerenga ndi Cephas.

"Bakuti, 'Daddy, munati nisalembe ndiye sininalembe, koma nakuyewani maningi. Mchombo wagwa. Ba Nsofwa bali pano, bakuti zina ni yanu ngati muifuna, mukambe che. Abusa bali mu njila kubwela kupemphelela mwana. Mukakhala zii tizamvetsa kuti mukali okalipa, ba Nsofwa bazapatsa yao.'"

Ba Chilekwa anamukankha Cephas ndi chigongono, nagwera pa laputopu ndi zala zonse khumi. Anadina apa, anadina apo. Palibe chilembo ndi chimodzi chomwe chinatuluka.

"Yafa! Laputopu yafa!"

"Isebenza bwino maningi."

"Siyilemba!"

"Ndiye vamene munagula... munapempha. Onani, olo mumenye bwanji, zii."

"Segula!"

"Pasiwedi tinataya."

"Sakila!"

"Munati nitaye, simunati nibise."

Laputopu inalira kachitatu. Cephas anawerama. "Bakuti, 'Niona kanyali kanu, daddy. Niziba mulipo.'"

"Mayo ine! Zimya kanyali, aganize ati malaiti yayenda!"

"Nikazimya manje bazaona monga mwabelenga, mwanyamuka, mwayenda."

"Usazimye! Leta foni yako."

Cephas anatenga foniyo patebulo, naiika m'thumba la malaya, natseka batani la thumbalo.

"Cephas, mwana wanga, nakupapata."

"Kupempha munakuchula."

Ba Chilekwa anayang'ana kumanzere ndi kumanja. Mayi wogulitsa tomato kutsidya kwa ngalande anali atasiya kale makasitomala ake n'kumaonerera. Mkuluyo anatsika pakhomo la kontena, nagwada m'matope ndi buluku lake la ku tchalitchi.

"Na kugwada munakuchula," anatero Cephas mwaulemu.

"Muzukulu wanga, Cephas! Woyamba! Azakula banthu bamuitana Nsofwa, ine nili moyo!" Misozi inatsika poyera, ndipo kansalu kaja sanakafune n'komwe.

"Na kulila. Vonse vitatu vakwana, ba mudala. Pa Sondo nizakuthandizani na mtima wonse."

"Pa Sondo mwana azakhala na zina kudala!"

Cephas anaoneka wovutika ndithu, pakuti si munthu wouma mtima. Anayang'ana kudenga, milomo ikuyenda, akubwereza lonjezo lija liwu ndi liwu. Kenako anamasula batani la thumba.

"Munaniletsa kukuthandizani kuyankha," anatero. "Simunaniletse kubauza vamene vilipo."

"Eya! Eya, iyo yamene! Muuze!"

Cephas analemba uku akutchula mokweza. "Ba Mwape, ba daddy banu sibangayankhe chifukwa banazikhomela beka. Manje bagwada mu matika. Balila, elo sibakambanso va fumbi. Bakuti chipumi ni chao."

"Chotsako va kugwada. Ba Nsofwa bazamvela."

"Ndiye nyamukani, nilembe ati baimilila."

"Nikanyamuka uzalemba ati banagwada, manje banyamuka."

"Ee."

"Na va zina? Sunalembe zina!"

"Simunaichule. Mwakhala che mukamba yamene simufuna."

"Chilekwa!" Mfuwuwo unafika mpaka kwa mayi wa tomato, amene anawomba m'manja. "Mwana ni Chilekwa! Tuma na matika yonse, tuma!"

Cephas anatumiza. Anadikira, wina ali chiimire, wina ali chigwadire. Laputopu inalira.

"Bakuti, 'Chilekwa mung'ono wagona. Ba Nsofwa bakuti nyamukani, muzadwala chifuba.' Pali na kankhope."

"Kotani?"

"Koseka. Kochoka misozi."

Ba Chilekwa anadzuka pang'onopang'ono, akugwirira chitseko cha kontena, mawondo onse ali bii. Anayang'ana chithunzi cha khanda lija nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa Cephas, chala chili m'mwamba.

"Uja namuuza usalembe, salemba. Iwe nakuuza taya, wataya. Imwe bana ba masiku ano, ni ndani anakunamizani kuti muzimvela bakulu?"